Musanalembe kalata yopemphera mpingo thandizo

Masiku ano ntchito yopemphera mpingo ndalama yagwera inu achinyamata. Foni zolowa pa intaneti muli nazo ndinu, Chingerezi chosalala mumachidziwa ndinu, ndiye akulu a mpingo akangomva mphekesera zoti kwinakwake kuli bungwe lothandiza matchalitchi, maso onse amatembenukira kwa inu. "Mwanawe, tatilembera pulopozo." Inu mumavomera msangamsanga, poti kutumidwa ndi akuluakulu ndi ulemu. Vomerani ndithu, koma dziwani chimene mukuvomera. Ndalama ya thandizo ili ndi mwini wake. Mwiniyo anaiikira kale ntchito isanachoke m'thumba mwake, ndipo tsiku lina adzafuna kumva kumene tambala aliyense anapita. Walira mvula walira matope.

Achinyamata ambiri amataya miyezi akulemba makalata opita kolakwika. Chimene mpingo umafuna kwambiri ndi denga la tchalitchi, nyumba ya abusa, njinga yamoto ndi zokuzira mawu, pamene mabungwe ambiri othandiza safuna n'komwe kumva za zimenezo. Ofesi ya kazembe wa dziko la America inakhala ikupereka kwa zaka zambiri tindalama ta ntchito zodzithandiza m'midzi, ya dziko la Japan nayonso ili ndi thumba la ntchito za kumudzi, koma ndalama zoterezi n'za mjigo, chipinda chophunziriramo, chipinda cha amayi oyembekezera. Guwa sizimanga. Ndi misonkho ya anthu a mayiko amenewo, ndipo malamulo awo salola kuti ipite ku chipembedzo. Ngakhale Misereor, bungwe limene maepiskopi a Katolika a ku Germany anakhazikitsa mu 1958, ntchito yake ndi chitukuko cha anthu onse posayang'ana mpingo. Wofuna ndalama ya tchalitchi, ya maphunziro a akatekisiti kapena ya galimoto ya bambo mfumu amagogoda kwina: ku Missio, ku Aid to the Church in Need, kapena ku thumba la mabungwe a utumiki a Apapa, limene limadzadzidwa ndi chopereka cha Lamulungu la Misyoni mwezi wa Okutobala. Akhristu a kuno kwathu nawonso amaponyamo m'thumba limenelo, choncho musamaganize kuti yonse ndi ndalama ya azungu. Koma konseko kalata yopanda chidindo cha Ambuye Episkopi sikhalitsa patebulo.

Mfundo ya chidindoyi ndi ya mipingo yonse. Mabungwe akuluakulu monga Tearfund, Christian Aid, Norwegian Church Aid ndi Brot für die Welt sayendayenda m'nyumba za mapemphero kufunsa amene akusowa malata. Amagwira ntchito ndi nthambi za chitukuko za mipingo. Akatolika ali ndi CADECOM, a Seventh Day ali ndi ADRA, a Lutheran ali ndi ELDS, Sinodi ya Blantyre ili ndi nthambi yake ya zaumoyo ndi chitukuko, ya Livingstonia ili ndi SOLDEV, a Living Waters anayambitsa Eagles, ndipo palinso CARD imene inachokera ku mgwirizano wa mipingo ingapo. Khomo lanu loyamba ndi limenelo. Musanalembere munthu wa ku London amene simunamuonepo, kwerani minibasi mukacheze ndi a ku ofesi ya sinodi kapena ya dayosizi, mukafunse ntchito zimene zili m'boma lanu chaka chino ndi mmene mpingo wanu ungalowemo. Sindikukana, njira imeneyi ndi yochedwa, ndipo nthawi zina mumaona ngati thandizo likungozungulira kumene kuli odziwana. Komabe wodumpha akuluakulu ake amapeza kuti bungwe lija, lisanamuyankhe iyeyo, laimbira kaye foni akuluakulu omwewo kufunsa ngati akumudziwa.

Palinso ubale wa mpingo ndi mpingo. Sinodi ya Blantyre ili pa ubale ndi Presbitere ya Pittsburgh ku America kuyambira 1991, ndipo mipingo ingapo ya kuno ili ndi anzake ku Scotland. Kumeneku ndi kumene kumachokera ndalama zofewa, zimene zingathe kufolera tchalitchi. Kumenekunso ndi kumene timadzichotsera ulemu. Alendo afika Loweruka, amayi avina, nkhuku yaphedwa, alendo asanasambe n'komwe m'manja wina waimirira ndi pepala: tikusowa galimoto, tikusowa mpanda, abusa akusowa laputopu, kwaya ikusowa yunifomu. Alendo amamwetulira, amawomba m'manja, koma akabwerera kwawo makalata amayamba kuchepa. Anthu amenewo si olemera monga mumaganizira. Ambiri ndi agogo opuma pantchito amene amaphika makeke n'kugulitsa pakhomo la tchalitchi chawo. Alembereni ngakhale pamene simukupempha kanthu. Auzeni za ubatizo, za maliro a mkulu wa mpingo amene anamuona, za mvula. Akamwalira wawo, apepeseni.

Tsopano za mapepala, zimene achinyamata mumaziona ngati zotopetsa. Wothandiza aliyense wozindikira amafunsa zinthu zomwezomwezo. Mpingo wanu unalembetsedwa kuboma? Mipingo yambiri imalembetsa matrasti ake pansi pa lamulo la Trustees Incorporation Act, ndipo ngati muli pansi pa sinodi kapena dayosizi, chikalata chake ndi chomwecho cha likulu. Muli ndi akaunti ya kubanki m'dzina la mpingo, yosainira anthu awiri mwa atatu, osati abusa ndi akazi awo? Muli ndi maminitsi osonyeza kuti mpingo unakhala pansi n'kugwirizana za ntchitoyi? Nanga malo? Apa ndiye pogwera ambiri. Agogo a mfumu anapereka malo pakamwa, mpingo wapempherapo zaka makumi, koma tsiku limene simenti yatsitsidwa ndi pamene adzukulu amatulukira kuti munda ndi wawo. Pezani kalata ya amfumu, mboni zisaine, kenako tsatirani njira yolembetsera malowo kukhonsolo. Ndipo ngati mwaganiza zoyambitsa bungwe lapadera, loti lizisamala ana amasiye kapena achinyamata, dziwani kuti mwalowa m'lamulo la mabungwe omwe si aboma, limene linakonzedwanso mu 2022. Mudzafunika kulembetsa ku NGORA, ofesi ya boma yoyang'anira mabungwe otere, kupereka malipoti chaka ndi chaka ndi kulipira. Musathamangire zimenezo chifukwa choti dzina la bungwe likumveka bwino pa Facebook.

Koma pepala loposa onsewa ndi kabuku ka msungichuma. Ndaona timabuku tambiri totere. Kena ndi kope la ana asukulu, lopindika m'makona, lothimbirira ndi thukuta la m'thumba la jekete. Ukatsegula upeza deti, chopereka cha Lamulungu, chakhumi, masika, pepa sande ya amayi, ndipo mbali inayo zotuluka: makandulo, thiransipoti ya abusa, chipepeso. Pansi pa tsamba lililonse asaina anthu awiri amene anawerenga ndalamazo, malisiti amangidwa ndi pini kuchikuto. Kabuku kotero kamatsegula zitseko kuposa Chingerezi chanu chonse. Kena ndi kokongola, kachikuto cholimba, koma miyezi itatu mulibe kanthu, ndipo ukafunsa akuti, "Zinazo zili m'mutu mwa atcheya." Mpingo umene sungathe kufotokoza za K50,000 ya pepa sande usapemphe mamiliyoni. Adzauphwasula.

Funso lina limene simudzalithawa ndi lakuti: inuyo mwachitapo chiyani? Musachite nalo manyazi, chifukwa mpingo wa kumudzi umapereka zambiri, kungoti suziwerengera. Mchenga umene amayi a Mvano, a Chigwirizano kapena a Dorika anatuta kumtsinje uli ndi mtengo. Miyala imene achinyamata anaphwanya ili ndi mtengo. Masiku amene abambo anakumba maziko, muwawerengere pa mtengo wa ganyu wa m'dera lanulo, mulembe m'bajeti monga gawo la mpingo. Pa njerwa funsani kaye musanaotche uvuni, chifukwa othandiza ambiri tsopano amafuna mabuloko a simenti poteteza mitengo. Wothandiza amakonda kumaliza chimene chayambika. Khoma lofika pa lintala ndi ndalama zanu limalankhula lokha. Chithunzi cha tchire ndi pulani ya tchalitchi cha anthu zikwi ziwiri sizinena kanthu, koma kuti muli ndi maloto.

Nkhani yodzidalirayi sinayambe ndi ife. Mu 1971 mbusa wa ku Kenya, John Gatu, anadabwitsa anthu pamene anapempha kuti amishonale ndi ndalama zochokera kunja ziyambe zaima kwa zaka zingapo, kuti mipingo ya mu Africa idzione mphamvu zake. Msonkhano wa mipingo ya mu Africa umene unachitikira ku Lusaka mu 1974 unagwirizana nayo mfundoyo, ngakhale kuti mipingo yambiri sinaitsatire. Zaka zomwezo, kuno kwathu, Ambuye Patrick Kalilombe anasonkhanitsa dayosizi ya Lilongwe kuyambira 1973 mpaka 1975 kukambirana za mpingo wodzidalira, wodzitumikira ndi wodzifalitsa wokha, ndipo miphakati imene mukuiona lero inazika mizu nthawi imeneyo. Ine sindifika pamene anafika Gatu. Dziko lathu ndi losauka, ndipo kukana mjigo chifukwa cha kunyada ndi kulakwira ana amene akumwa madzi a pachitsime chosatetezedwa. Koma anthu amenewa anaona chinthu choona: pali ntchito zina zimene mpingo suyenera kupemphera kunja. Chakudya cha abusa, mkate ndi vinyo wa mgonero, kuyendera odwala, kuika maliro. Mpingo ukalephera zimenezi pawokha, vuto lake si la ndalama.

Polemba bajeti, lembani mitengo yeniyeni. Pitani kumahadiweya atatu, mutenge makotesheni olembedwa, okhala ndi deti. Musaiwale thiransipoti, mmisiri, misomali, ndi ndalama zimene banki imadula. Kumbukirani kuti kwacha sikhala malo amodzi. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, ndipo amene anali ndi bajeti ya m'makwacha yolembedwa miyezi ingapo m'mbuyo anangoona matumba a simenti akuchepa ali papepala. Pakati pa kulemba ndi kulandira pamatha kudutsa chaka. Choncho ikani mzere wa zogwa mwadzidzidzi, poyera, osati kubisa pokweza mtengo wa malata. Funsaninso ngati mgwirizano ungalembedwe m'ndalama ya wothandizayo. Ndalama ikangofika, gulani zipangizo zosaonongeka msanga, musaisiye kubanki ikusungunuka. Simenti yokha musaunjike yambiri nthawi ya dzinja, imauma.

Yesero lalikulu limabwera ndalama ili kale mu akaunti. Tinene kuti mwalandira ya sukulu ya mkombaphala. Sabata yomweyo mphepo yasasula nyumba ya abusa, mvula ili pafupi, ana a abusa akugona moyang'ana nyenyezi. Sesho yakhala. Mkulu wina, munthu wabwino ndithu, akuti, "Abale, ndalama ili apo. Tingobwerekako pang'ono, tidzabweza ndi masika." Onse akugwedeza mitu. Palibe wakuba m'chipindamo. Koma masika adzabwera ochepa, kudzagwa maliro, ndipo pofika nthawi ya lipoti wina adzakuuzani inuyo, mlembi, kuti mukapeze malisiti. Apo ndi pamene mnyamata woopa Mulungu amayamba kupita kwa mnzake wa pahadiweya kukapempha lisiti yopanda katundu. Imirirani tsiku loyambalo, mwaulemu, mupemphe kuti alembere kaye eni ndalama. Nenani kuti, "Akuluakulu, ndikupempha tiwafunse kaye, yankho libwere polemba." Mudzadabwa kuti othandiza ambiri amamva, ena amalola, ena amapeza kathumba kena. Chimene sakhululuka ndi kuzitulukira okha. Ndipo amauzana. Mpingo umodzi ukadetsa dzina, presbitere yonse imanunkha.

Lipoti lembani pa nthawi yake, ngakhale zinthu zisanayende bwino. Mjigo ukakumbidwa osapeza madzi, nenani. Ana akakhala makumi anayi, musalembe zana. Chizolowezi chochulukitsa ana amasiye papepala chatipweteka kwambiri, ndipo n'chonyansa pamaso pa Mulungu ndi pa anthu. Pa zithunzi samalani. Mwana wa mnzanu si chikwangwani chopemphera ndalama. Musamuvule malaya abwino kuti aoneke wovutika, ndipo musamujambule popanda chilolezo cha omulera. Mabungwe ambiri tsopano sapereka kanthu kwa mpingo umene ulibe ndondomeko yolembedwa yotetezera ana, ndipo pamenepa akulondola.

Pali mphatso zina zimene zimadya mwini. Galimoto yaulere imafuna mafuta, matayala, inshuwalansi ndi dalaivala. Kontena ya zovala ndi makompyuta akale imafuna ndalama zoitulutsira ndi kuinyamula, mwina zoposa mtengo wa katundu ali m'katimo. Chigayo cha mpingo chimayenda bwino miyezi yoyamba, kenako lamba waduka, bilu ya magetsi yakwera, woyendetsa ndi mphwake wa atcheya ndipo palibe angamufunse. Choopsa kwambiri ndi chipatala. Mlendo akanena kuti akumangirani kachipatala, musayambe nthungululu. Khoma ndi gawo lotchipa. Anamwino adzawalipira ndani? Mankhwala adzachokera kuti? Zipatala za mipingo zimene zili pansi pa CHAM zimathandiza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito zaumoyo m'dziko muno, ndipo zimapirira chifukwa boma limalipira ambiri mwa ogwira ntchito ake, komanso pali mapangano ndi maofesi a zaumoyo a m'maboma oti amayi oyembekezera ndi ana azithandizidwa osalipira. Kulowa m'dongosolo limenelo si kwa tsiku limodzi. Kambiranani ndi a zaumoyo a m'boma lanu, a kukhonsolo ndi a likulu la mpingo njerwa yoyamba isanaikidwe. Chimodzimodzi sukulu: funsani kaye ngati boma lidzatumizeko aphunzitsi. Nyumba zabwinobwino zokhala mileme, zokhala ndi mwala wolembedwa dzina la wopereka pakhomo, zilipo kale zokwanira.

Dziwaninso kuti thandizo lililonse limatha, ndipo nthawi zina limatha osatsanzika. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lopita kumayiko ena, ndipo ntchito zambiri za zaumoyo kuno kwathu, zina zoyendetsedwa ndi mabungwe a mipingo, zinagwedezeka. Palibe amene analakwitsa lipoti. Kunangosintha ndale kutsidya la nyanja. Choncho polemba pempho lililonse dzifunseni kuti, ndalama zikadzatha, chidzatsale n'chiyani? Mjigo umatsala ngati pali komiti yotolera kandalama ka zipangizo. Luso limatsala. Banki mkhonde imatsala, poti ndalama zake n'za eni ake. Malipiro a anthu khumi olembedwa ntchito chifukwa cha pulojekiti satsala, ndipo anthuwo mudzapemphera nawo tchalitchi chimodzi akukuyang'anani.

Za akathyali ndinene mwachidule. Uthenga wa pa WhatsApp kapena imelo yonena kuti mpingo wanu wasankhidwa kulandira madola zikwizikwi, koma mutumize kaye ndalama yolembetsera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi wakuba. Simunapemphe, mwasankhidwa bwanji? Wothandiza weniweni salipiritsa fomu. Chenjeraninso ndi munthu wovala bwino amene amayendera mipingo kuti amadziwana ndi mabungwe, mumupatse ya thiransipoti ndi gawo lake ndalama zikadzabwera. Ndipo inunso musadzakhale munthu ameneyo. Ngati kulemba kwakudyerani ndalama ya intaneti ndi ulendo, pemphani mpingo ukubwezereni poyera, zilembedwe m'buku.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi sichioneka m'malipoti. Ndi zimene ndalama yakunja imachita m'mitima ya akhristu. Mbiri ikangomveka kuti kwabwera thandizo, mbale ya chopereka imayamba kupepuka. Mayi amene ankabweretsa lichero la chimanga pa masika akuti, "Si azungu atumiza?" Anthu amene ankatuta mchenga akuimba ayamba kufunsa za alawansi. Maudindo amene anthu ankakanirana ayamba kulimbiranidwa, ndipo amene sali m'komiti amanong'onezana kuseri kwa tchalitchi kuti abusa agula nsapato zatsopano. Mankhwala ake ndi amodzi: kuulula. Ndalama ikafika, ilengezedwe Lamulungu pamaso pa onse, kuchuluka kwake, ntchito yake, ndi zimene singagwire. Bajeti imatidwe pakhomo. Mwezi uliwonse msungichuma aime, anene zimene zalowa, zatuluka ndi zatsala, m'Chichewa chomveka kwa agogo. M'komiti mukhale amayi, ndipo asakhale ongophikira alendo. Abusa kapena bambo mfumu ayang'anire, koma asagwire ndalama. Kumeneko ndi kuwateteza, si kuwanyoza. Mtumwi Paulo yemwe, posonkhetsa thandizo la akhristu osauka a ku Yerusalemu, sanafune kunyamula thumba yekha. Anayenda ndi anthu osankhidwa ndi mipingo kuti pasapezeke womunena. Mukawerenge nokha pa 2 Akorinto mutu 8. Onaninso kuti opereka aja, a ku Makedoniya, anali amphawi.

Kwa inuyo panokha, ana anga: ndalama ya mpingo isadutse pa nambala yanu ya foni kapena mu akaunti yanu, ngakhale usiku umodzi, ngakhale abusa atakuuzani kuti n'zachangu. Musasaine pepala limene simunawerenge, kapena cheke chopanda chiwerengero. Sungani makope a zonse, mapepala m'faelo ya mpingo, zithunzi zake pa imelo ya mpingo imene anthu oposa mmodzi angatsegule, chifukwa mawa mudzapita kusukulu kapena ku Joni ndipo ntchito siyenera kupita nanu. Mukakanidwa, musakwiye. Okanidwa amachuluka kuposa olandira. Thokozani, funsani chimene chinaperewera, konzani. Yambani ndi pempho laling'ono limene mungalimalize bwino ndi kulifotokoza mpaka tambala womaliza, chifukwa lachiwiri limabwera poona loyamba.

Akuluakulu akakutumani kulemba, apempheni mwaulemu kuti muone kaye zinthu zitatu: buku la msungichuma la chaka chathachi, kalata ya malo, ndi maminitsi a tsiku limene mpingo unagwirizana za ntchitoyo. Ngati chimodzi palibe, auzeni kuti kalata idikire, muyambe mwakonza chimenecho.